Mzere Umene Ndinafufuta pa Mbiri ya Agogo Anu

Tadala ndi Yankho, adzukulu anga, izi ndalemba ndi dzanja m'kope, osati pafoni. Mukamandiuza kuti za pafoni sizitayika ndimangokuyang'anani. Ndinaona ndi maso angawa foni ya bambo wanu ikugwera m'sinki, zithunzi zonse za ubatizo wanu n'kupita ndi madzi otsukira mbale. Kope ili mulisunge. Muwerenge nokha m'Chichewa mwakemo, pang'onopang'ono, ndipo pamene pakuvutani mundifunse ndikadali ndi mpweya.

Loweruka likubwerali tikavundukula chiliza cha agogo anu aamuna, aChisale. Papita chaka ndi miyezi iwiri chiwaikireni m'nthaka ya eni ake ino, kuno kwa azungu. Pamwalapo pali mzere umodzi umene simunauone, ngakhale bambo wanu Limbani sanauone, poti kwa wosema miyala ndinapita ndekha. Theka la nkhani yake mukulidziwa. Theka linalo ndi langa, ndipo ndikufuna mulimve kwa ine musanaime pamanda paja.

Mumandiseka kuti sindikhulupirira munthu. N'zoona, sindikana. Munthu akagogoda pano pa Barking atapachika kakhadi pakhosi, n'kunena kuti wachokera ku khonsolo, ndimamusiya panja mpaka ndiimbe foni kukhonsoloko. Ufa wa ku Peckham ndimaununkhiza ndisanagule. Iwe Tadala ukandiuza kuti watseka gasi ndimapita kukagwira ndekha, usamakwiye, ngakhale abusa atandiuza ndikhoza kupita. Khalidwe limeneli ndinalitenga kuntchito. Zaka zonse zimene ndinagwira unamwino, ku Zomba ndi kuno komwe, wodwala akati wamwa mankhwala ine ndinkakweza pilo, ndipo kawirikawiri mapilitsi ndinkawapeza pomwepo. Anthu ambiri ali moyo lero chifukwa sindinawakhulupirire. Koma mpeni womwe umasenda mbatata ndi womwenso umacheka chala.

Agogo anu ndinakumana nawo kuchipatala, atabwera ndi malungo. Anali mphunzitsi, atangobwera kumene kuchokera ku Amereka, komwe mpingo unawatumiza kukaphunzira pa kakoleji kakang'ono zaka zoyamba za ufulu wathu. Masiku amenewo munthu wobwera kunja ankadziwika ndi nsapato komanso nkhani. Nsapato zawo zinali zabwino. Nkhani zawo ndizo zinandivuta.

Zinalipo zitatu, ndipo kwa zaka zonse za ukwati wathu sizinasinthe.

Yoyamba inali yakuti anasewera mpira wa kumeneko, mpira wake wosongoka uku ndi uku ngati papaya, koma iwo ntchito yawo inali kumenya basi. Amalowa, n'kumenya kamodzi, n'kutuluka kukakhala pabenchi, akafunikanso n'kulowanso.

"Mpira wanji wolowa n'kutuluka ngati kubafa?" ndinkawafunsa choncho. "Kuno munthu akatuluka watuluka."

"Malamulo ake ndi ena, aNambewe."

"Ehe. Malamulo ake amakhala ena nthawi zonse kumene kulibe mboni."

Yachiwiri ndiyo inkandiseketsa mpaka misozi. Akuti mpirawo suima wokha, pamafunika mnzako agwade n'kuugwira ndi chala pamwamba kuti iwe umenye. Wogwira wawo anali mzungu dzina lake Walter. Tsiku loyamba, poti iwo anazolowera mpira wa kwathu, anathamanga chammbali m'malo molunjika monga ankachitira eni ake, n'kumuthyola mzunguyo chala ndi phazi. Ndipo mzunguyo, akuti, atachoka kuchipatala anawatengera kwawo kukadya nkhuku.

Ana inu, simungamvetse. Ine ndinakulira pamene bambo anga ankavula chipewa mzungu akadali patali ngati apo pali siteshoni. Ndiye wina azindiuza kuti anathyola mzungu chala, malipiro ake n'kukhala nkhuku? Ndinkangoti, "Pitirizani, bambo, nyemba zisanapse."

Yachitatu inali yaikulu. Akuti chaka chawo chomaliza timu yawo inachita bwino, n'kuitanidwa ku masewera otsiriza a mu Disembala, amene kumeneko amati bowl, kutanthauza bakuli, poti mabwalo ena akuluakulu ndi ozama ngati bakuli. Ine ndinkangoti mpira wa bakuli. Akuti kunagwa mvula, bwalo linali matope okhaokha, anthu anadzaza mpaka kusowa popondapo, ndipo iwo anamenya mpira umene unapambanitsa timu yawo. Anakhala akatswiri a chigawo chawo chonse.

"Nanga chikho chili kuti?"

"Chinatsala kukoleji."

"Chithunzi?"

"Chinanyowa m'sitima, chinamatirira."

"Zonse zabwino zimatsala kutali," ndinkatero, n'kupitiriza kupopa pulayimasi.

Sankakwiya. Ankaseka, n'kugwedeza mwendo wawo wakumanja uja, n'kunena kuti, "Mwendo uwu ukudziwa."

Tsopano ndifike pa theka langa. Khalani bwino.

Masiku amenewo kalata sinkabwera pakhomo ngati kuno, komwe amakuponyera mapepala a pitsa usanadzuke. Tinali ndi bokosi lathu ku positi ofesi, ndipo kiyi wake ankakhala ndi ine, poti njira yanga ya kuchipatala inkadutsa pomwepo. Makalata opita kunja tinkalemba pa kapepala kabuluu kopyapyala, kopinda katatu n'kumata ndi malovu, kopanda envulopu. Agogo anu akalemba ankandipatsa ine kuti ndikaponye.

Khirisimasi yoyamba ya ukwati wathu kunabwera khadi kuchokera ku Amereka. Ndinawapatsa, anasangalala tsiku lonse. Yachiwiri ndinaiyang'anitsitsa ndisanawapatse. Zilembo za pa envulopu zinali za mkazi. Ine dzanja la mkazi ndimalidziwa, lozungulira bwino, lopanda changu. Yachitatu ndinaitsegula ndi nthunzi ya ketulo kuchipinda cha anamwino. M'katimo munali mawu akuti tsiku la matope lija sadzaliiwala, pansi pake mayina awiri, Walter ndi Ruth, onse olembedwa ndi dzanja lomwelo la mkazi. Munalinso chithunzi cha khanda atalikulunga m'bulangete mpaka m'maso, nkhope yosaoneka bwino.

Ndinati ndagwira mbala. Ndinati Walter ameneyu kulibe, ndi chophimba chabe, mwini nkhani ndi Ruth. Ndinali nditaona akazi anzanga awiri akusiyidwa ndi amuna ophunzira kunja, mmodzi mwana ali kumsana. Ndinalumbira kuti ine ayi.

Sindinawafunse. Ndikanawafunsa akanayankha, ndipo yankho lawo sindikanalikhulupirira, ndiye kufunsiranji? Khadi ija ndinaiika m'chitini cha mabisiketi momwe ndinkasungira ulusi ndi mabatani, pansi penipeni. Ya chaka chotsatira inapita momwemo. Ndipo makalata abuluu amene agogo anu ankandipatsa kuti ndikaponye, a ku Amerekawo, nawonso ankathera m'chitini chomwecho. A kwa achimwene awo ku Joni ndinkaponya bwinobwino.

Disembala aliyense, mvula ikayamba, ankandifunsa ndikuvula nsapato pakhomo.

"Kulibe kanthu kubokosi, aNambewe?"

"Kuli kalata ya ku sukulu basi."

Chaka china anati, "Anthu a kutali amaiwala msanga." Atalemba makalata asanu ndi anayi osayankhidwa anasiya. Makhadi anapitirira kubwera mpaka titasamukira ku Lilongwe n'kubweza kiyi wa bokosi lija.

Chitini chija sindinachitaye. Umboni sataya. Chinakwera nane ndege pobwera kuno, pakati pa mayunifomu, pamene anzanga ankanyamula usipa ndi chambiko. Chinakhala nane m'kachipinda ka ku Thamesmead komwe ndinkadikira basi mphepo ikucheka makutu, chinasamuka nane kubwera kuno. Agogo anu atanditsatira patapita zaka zitatu, chitinicho ankachiona tsiku ndi tsiku pamwamba pa wadiropu. Sanachitsegulepo. Ankadziwa kuti ndi cha mabatani anga, poti ndinawauza choncho.

Inu munawadziwa atakalamba, ali pasofa, akukufotokozerani nkhani zitatu zomwezo. Iwe Yankho ndiwe unkamvetsera kukamwa kuli yasa, ndipo mpira wa ku Amereka wa mapewa otupawo unayamba kuukonda chifukwa cha iwo. Ine ndikamadutsa ndi tiyi ndinkangoti, "Musamanamize ana."

Atamwalira, tsiku loti mawa ndi maliro, tinakhala patebulo lino masana kulemba mbiri yawo yokawerenga kutchalitchi. Kwathu munthu saikidwa m'manda anthu asanamve kumene anabadwira, kumene anaphunzira, ntchito zimene anagwira ndi ana amene wasiya. Mkulu wa mpingo, aMvula, ndi amene ankalemba, bambo wanu akunena. Atafika pa za ku Amereka, Limbani anati alembe kuti anasewera mpira kukoleji ndipo timu yawo inapambana masewera otsiriza a chigawo chawo. AMvula analemba.

Ine ndinati, "Taimani. Yankho, tafufuza pafoni yakoyo."

Unafufuza, mwanawe, kwa nthawi yosakwana kuwiritsa dzira. Unakweza mutu maso ali ofiira n'kunena kuti, "Gogo, it's not on the list." Koleji yawo sinali pa mndandanda wa akatswiri.

Ndinalanda cholembera m'manja mwa aMvula n'kudula mzerewo kawiri. "Bodza sililowa m'tchalitchi pamodzi ndi bokosi."

"Amayi," anatero bambo wanu, "ndi mzere umodzi wokha. Ukupweteka ndani?"

"Ukupweteka Mulungu."

AMvula anatsokomola, n'kupitiriza ndi za uphunzitsi. Mawa lake mbiri inawerengedwa yoyera, yopanda mpira.

Ndinkayesa ndachita bwino. Koma panali kanthu kamodzi kamene kanakana kundichoka. Masiku awo omaliza m'chipatala, nzeru zitayamba kuyendayenda, tsiku lina masana ndili ndekha pambali pawo, phazi lawo lakumanja linayamba kugwedera pansi pa shiti. Analankhula m'Chingerezi, momveka bwino, kuti, "Ika pansi, Walter, ndikubwera." Kawiri konse.

Ine ndakhala pambali pa anthu ambiri akumwalira. Amaitana amayi awo, amaitana ng'ombe zawo, ena amaitana akazi amene akazi awo sakuwadziwa. Koma sindinamvepo munthu pa nthawi imeneyo akuitana dzina lopeka. Akanati aitane, akanaitana Ruth.

Ndinalimbana nako kanthu kameneka miyezi itatu. Kenako wosema miyala anatumiza kalata yakuti nthaka ikakhazikika adzafuna mawu olemba pachiliza. Za papepala aMvula akhoza kulembanso, koma mwala sufufutika. Ndinati ndisanalembe chilichonse pamwala ndidziwe ndinakwatiwa ndi ndani, wabodza kapena ayi. Ndipo sindidzafunsa foni ya mwana. Ndidzafufuza ndekha monga ndinkakwezera mapilo.

Nyengo yozizira yonse ija mumandifunsa kuti ndimapita kuti Lachiwiri ndi Lachinayi, ine n'kumati kukliniki ya mawondo. Ndinkapita ku layibulale. Mtsikana wa pamenepo, wa ku Ghana, poyamba anayesa ndasochera.

"Auntie, mukufuna za mpira wa ku Amereka? Inuyo?"

"Ineyo. Za makoleji ang'onoang'ono, zakale. Ndipo usandipatse malo amodzi, ndikufuna atatu osiyana, ndione ngati akugwirizana."

Anaseka, koma anandikhazika pa kompyuta, n'kundiitanitsira mabuku awiri kuchokera ku layibulale ina. Ndinkalemba zonse m'kope, chimene chapezeka pamodzi pokha ndinkachiika chizindikiro chofunsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tamverani tsono zimene agogo anu aakazi anapeza, inu odziwa zonse.

Masewera a bakuli amene mumaona pa TV, a nyimbo ndi makombola, ndi a makoleji akuluakulu. Koma kalekale makoleji ang'onoang'ono analinso ndi awo. Ambiri ankakonzedwa ndi anthu a m'tauni, amalonda ndi magulu othandiza osowa, pofuna kuti tauni yawo imveke. Mayina ake ankatengera zimene dera limenelo limanyadira: ena dzina la duwa, ena la mtedza wa kumeneko, ena la nachesi. Ngati ife tikanati masewera a mbatata ya ku Ntcheu kapena a tiyi wa ku Thyolo. Ambiri ankakhala zaka zochepa n'kufa ngati okala ya m'mudzi, osasiya ngakhale chikwangwani.

Ndiye chapakati pa zaka za m'ma 1960, akuluakulu oyendetsa masewera a m'makoleji anagawa dziko lawolo zigawo zinayi. Chigawo chilichonse chinali ndi masewera ake otsiriza mu Disembala, matimu awiri abwino a chigawocho n'kukumana. Wopambana anali katswiri wa chigawo, nkhani n'kuthera pomwepo. Akatswiri anayiwo sankakumana. Tayerekezani Kumpoto kukhale ndi katswiri wake, Pakati wake, Kumwera wake, aliyense n'kubwerera kwawo kukadya Khirisimasi. Nanga katswiri wa dziko lonse ankamupeza bwanji? Ndi voti! Atolankhani ndi makochi ankavota. Nditawerenga zimenezo ndinavula magalasi. Mpira wa voti, ana inu. Ine ndikanakhalako sindikanalola.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 anasintha, n'kuyambitsa mpikisano wogwetsana, wogonja kumapita kwawo mpaka atatsala mmodzi. Masewera a zigawo aja anamezedwa m'menemo, ena anangozimirira. Lero akadalipo ena ang'onoang'ono, opepesera matimu amene achita bwino koma sanalowe mumpikisano waukulu, koma ndani amawaonera kuno?

Waona tsono, Yankho? Iwe unayang'ana mndandanda wa akatswiri a dziko lonse. Agogo ako sananenepo kuti dziko lonse. Zaka zonsezo ankati chigawo, ndipo mawu amenewo sanawasinthepo ngakhale kamodzi. Sindikukudzudzula. Iwe unali ndi chisoni ndi foni. Cholembera chinali m'manja mwanga.

Pa mndandanda wa masewera a zigawo, dzina la koleji yawo ndinalipeza, chaka chake chomwecho, mbali ya opambana. Malo onse atatu anagwirizana. Mtsikana wa ku Ghana uja anaomba m'manja mpaka anthu anatembenuka.

"Auntie, ndiye basi, mwapeza!"

"Ndapeza koleji. Mwamuna wanga sindinamupeze. Sukulu ikapambana si kuti aliyense wodya m'holo yake anasewera."

Ndinalemba makalata awiri. Ina kukolejiko, kwa wosunga mabuku akale. Inayo ndinachita kutsitsa chitini pa wadiropu n'kufukula pansi pake, koyamba chichokereni ku Lilongwe, n'kukopera adiresi ya kuseri kwa envulopu yomaliza. Ndinalembera Walter. Ndinaikamo dzina langa, nambala ya foni, ndi funso limodzi: kodi munamudziwa munthu uyu?

Ya kukoleji inayankhidwa maluwa achikasu aja atayamba kutuluka m'mapaki. Ananditumizira chithunzi cha timu. Mzere wakutsogolo, kumapeto, kamnyamata koonda, mapewa otupa ngati kanyamula mitolo iwiri ya nkhuni, makutu ali tuu. Makutu amenewo ndi ako, Yankho. Ndinachiyang'ana ndi galasi lokuzira zilembo tsiku lonse. Koma ndinati kujambulitsa ndi timu si kusewera. Ngakhale wonyamula madzi amajambulitsa.

Inayo inatenga miyezi inayi. Nyumba ya pa adiresi ija anaigulitsa kalekale, koma tauni yake ndi yaing'ono, wogulayo ankapemphera ndi mwana wamkazi wa Walter. Mwana wa Walteryo ndi amene anandiimbira. Anati bambo ake alipo, akalamba, amayi ake a Ruth anamwalira zaka zingapo zapitazo, ndipo kalata yanga bambowo akugona nayo pansi pa pilo. Pansi pa pilo! Ndinati chabwino, tionane maso ndi maso.

Tsiku limenelo ukulikumbukira, Tadala, poti ndiwe unagwira tabuleti. Kuno inali 3 koloko masana, kwawoko kukadali m'mawa. Panaoneka nkhalamba ya mutu woyera, ikulira isanalankhule. Ine sindinalire. Misozi ndaiona yambiri, ina ya anyezi.

Ndinati, "Bambo, pepani, ine ndine namwino. Kwezani dzanja lanu ndilione."

Unandiponda phazi, iwe. "Gogo!"

Koma mkuluyo anaseka, n'kukweza dzanja lamanja. Ndinati alitembenuze. Ndinati alipinde. Chala chamkombaphala chinakana kupindika. Chinali chokhota pa mfundo yapakati, chopendekera kunja, fupa lothyoka kalekale n'kulumikizana mokhota. Zoterezi ndaziona zambirimbiri. Munthu akhoza kukonza chithunzi, akhoza kukonza kalata, misozi ndiye nkhani ina. Fupa silinama.

"Mwamuna wanu ameneyo," anatero. "Tsiku loyamba. Chichokereni tsiku limenelo zolemba zanga ngakhale ine mwini sindiziwerenga. Makalata onse a m'nyumba mwathu ankalemba ndi Ruth."

Ndinamva ngati mpando watsika.

Ndinafunsabe, poti ndinali nditakonza mafunso m'kope. Nkhuku ija? Anati inde, amayi ake ndi amene anaphika, ndipo agogo anu anadya ndi manja mpaka aliyense patebulo anasiya foloko. Matope? Anati mpaka m'makutu. Mpira wopambanitsa uja? Anati anaugwira yekha, ndi chala chomwecho. Ndinafunsa za anthu odzaza bwalo. Anaganiza kaye, n'kunena kuti ayi, mvula inathamangitsa anthu, mabenchi ambiri anali opanda munthu.

"Ndinadziwa ine!" ndinakuwa m'Chichewa. Bodza limodzi ndinaligwira ndithu. Musandilande limenelo.

Kenako mkuluyo anapukuta m'maso n'kufunsa. "Mayi, ndiuzeni chinthu chimodzi. Anasiyiranji kundilembera? Ndinamulakwira chiyani?"

Apo ndi pamene ndinakuuza kuti uimike tabuleti pa botolo la shuga upite ukaphike tiyi, utseke chitseko. Unadabwa, poti tiyi anali patebulo kale.

Ndikanatha kunena kuti positi ya kwathu inali yovuta. Akanakhulupirira, aliyense akanakhulupirira. Koma ndinali nditadula mzere wa mwamuna wanga pamaso pa ana ake ponena kuti bodza limapweteka Mulungu. Ndinatenga chitini, ndinachitsegula patsogolo pa tabuleti, ndinamuonetsa makhadi ake ndi makalata abuluu asanu ndi anayi osatsegula. Ndinamuuza zonse, za dzanja la mkazi, za ketulo, za khanda la m'bulangete. Khandalo linali mayi yemwe uja anandiimbira foni, ataima kumbuyo kwa mpando wa bambo ake, dzanja lili pakamwa.

Mkuluyo anayang'anitsitsa makalatawo. Sananene kuti wandikhululukira, ndipo ine sindinapemphe. Anangoyamba kufotokoza za ntchito yawo ija. Anati womenya mpira sadikira kuti aone ngati mnzake waika bwino. Akadikira, adani afika kale. Amayamba kuthamanga mpira usanafike n'komwe pansi, akudalira kuti phazi lake likamafika mpirawo ukhala ulipo. Anati omenya ena amazengereza, amaba kuyang'ana. "Koma mwamuna wanu," anatero, "sanazengerezepo ngakhale tsiku limodzi. Ukamuuza kuti mpira ukhalapo, kwa iye ulipo."

Ndiye munthu ameneyo, ana inu, ndi amene ankandipatsa makalata kuti ndikaponye. Ndiye amene ankandifunsa pakhomo ngati kubokosi kuli kanthu, ine n'kuti kulibe, iye n'kukhulupirira. M'nyumba muja munali wabodza mmodzi, ndipo ine ndinkamusaka tsiku ndi tsiku, nditavala nsapato zake.

Sindinakhale pansi kulira mwezi wonse, si mtundu wanga. Mlandu suwola, koma ukapezeka umafuna kukonza. Mawa lake ndinatenga makalata abuluu aja, osatsegula monga mwini anawamatira, ndinawaika mu envulopu yolimba n'kupita nawo ku positi ofesi ya pa siteshoni. Mnyamata wa pawindo anati wamba ikafika bwinobwino. Ndinati ndikufuna yosainira, ndipo ndione ukuiika m'thumba. Anaiika ndikuyang'ana. Patapita sabata ziwiri mwana wa Walter anati afika. Ndinati anditumizire chithunzi. Chili pa firiji, ngati simunachione: makalata asanu ndi anayi pa tebulo, chala chokhota chitawapanikiza pamwamba.

Zimene agogo anu analembamo sindikuzidziwa. Ketulo ndinali nayo, nthunzi inalipo. Sindinatsegule. Pa moyo wanga wonse, n'kutheka kuti ndi kokhako kumene ndinasiya chinthu chotseka.

Tsopano za Loweruka. Ndawauza aMvula kuti mbiri iwerengedwenso yonse pamanda, ndipo ndawaonetsa kope langa la ku layibulale kuti asayese ndayamba kusokonezeka. Mzere umene ndinadula uwerenga ndiwe, Yankho, m'Chichewa, mokweza. Uyambe kuyeserera lero, ndipo "chigawo" usamutchule ngati dzina la mankhwala. Za anthu odzaza bwalo musaikemo. Iwe Tadala udzajambula, titumize ku Amereka, koma ujambule ndi mafoni awiri. Bambo wanu ndimuuza ndekha za chitini madzulo ano asanadye, kuti akakwiya akwiye ndi njala, asandiwonongere chakudya. Akafuna kusandilankhula mwezi, ndi ufulu wake. Anali bambo ake.

Kwa wosema miyala ndapitako kawiri. Ulendo woyamba anandionetsa papepala. Wachiwiri ndinati ndikufuna mwala weniweniwo. Anati, "Trust me, madam." Ndinamuuza kuti mawu akuti ndakukhulupirira, munthu woyenera kuwamva kwa ine anapita ndisanamuuze, ndiye iye asayembekezere. Anachotsa nsalu. Ndinayendetsa chala m'chilembo chilichonse, poti mzungu kusema Chichewa akhoza kukuikira china.

Pansi pa dzina lawo ndi masiku awo pali mawu awiri okha: Ananena zoona.

Ndinafuna kuti m'munsi mwake alembe dzina langa ngati mboni. Wosemayo anati malo a m'munsiwo ndi a dzina langa kale, koma nthawi yake sinakwane, adikire kaye.

Adikiredi. Mpaka ndimve mzerewo ukuwerengedwa ndi makutu angawa, sindikupita kulikonse.